Kutendera Kuli ndi Nthawi Yake

Ana anga, sendererani pafupi. Ndikamayenda m'makomo masiku ano ndikumva madandaulo a mbali ziwiri. Anzanga aimvi akuti ana a lero aononga kaphikidwe, ndiwo sizikumvekanso za kwathu. Achinyamata nawo akuti atopa ndi nyemba zomwezomwezo, mkhwani womwewomwewo, chaka chilowe chaka chituluke. Onse ndawamvetsera, ndipo ndiyamba ndi amsinkhu wanga.

Inu amene mukuti mphika usasinthe, kodi chimanga timachidalirachi makolo athu adachipeza pompano? Iwo ankadya nsima ya mapira ndi mawere. Chimanga chidachokera ku America, chidafika m'magombe a Africa pa zombo za Apwitikizi, n'kumalowa kumtunda kuno pang'onopang'ono. Chinangwa chimene abale athu a ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota amaphikira kondowole, mtedza, matimati, ngakhale tsabola wa kambuzi, zonsezi n'zakudza. Padali mayi wina kalekale amene adayamba kusinja mtedza n'kuwaza pa masamba, anzake akumuyang'ana cham'mbali. Lero ndiwo zotendera tikuzitcha chikhalidwe chathu. Paja mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa.

Ngakhale m'masiku anga omwe ndaona mphika ukusintha. Mayi anga akafuna kuphika thelele ankatentha zitsononkho kapena makoko a nthochi ouma, phulusa lake n'kuliika m'chitini chobowola pansi, n'kuthiramo madzi. Madzi aja ankadontha dontho limodzilimodzi m'kambale, ndipo chimenecho ndiye chinali chidulo. Kenaka kudabwera soda wa kusitolo, tonse tidathamangira komweko chifukwa n'chapafupi. Lero alangizi a zaumoyo akutichenjeza kuti soda akachuluka amapha mavitamini a m'masamba. Choncho chatsopano china chimatipeputsira ntchito, koma chimafunanso muyeso.

Tsono nditembenukire kwa inu, ana anga okonda kuyesa zatsopano. Mtima wanuwo ndi wabwino, musautaye. Koma safunsa adadya phula.

Mdzukulu wanga wina adabwera kuchokera kutauni nthawi ya dzinja, mkhwani uli mbwee kuseri kwa nyumba. Adati, "Agogo, lero mupume, ndikuphikirani mkhwani wamakono." Ndidavomera. Masamba aja adangowatsuka n'kuwadula osasadzula. Adakazinga anyezi, adathira adyo, jinja, kale, tsabola, ndipo nsinjiro adaithira pachiyambi pomwe, moto uli lawilawi. Posakhalitsa fungo la kupserera lidadzaza khitchini. Nsinjiro idakakamira pansi pa poto, masamba adatsala okwakwata pakhosi, zokometsera zija zikulimbana zokhazokha m'kamwa. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Mwana uja misozi idalengeza m'maso, ndipo ine sindidamukalipire, poti adaphika ndi chikondi.

Mawa lake tidakhala limodzi pamphasa, lichero lili pakati. Ndidamuonetsa kuthyola phesi la tsamba n'kukoka ulusi wake mpaka waminga uja wachoka. Tidaika masamba m'madzi ochepa owira kale, mchere pang'ono, matimati pamwamba. Atafewa m'pamene tidawaza nsinjiro, osatakasa, n'kuvundikira, n'kuphula nkhuni zina kuti moto ufatse. Adafunsa kuti bwanji osatakasa msanga. Ndidamuuza kuti mtedza umapsa ndi nthunzi uli pamwamba pa masamba, ndipo ukatsikira pansi usanapse umapserera. Amene adziwa chifukwa chimenechi ndiye angathe kusintha ndiwozo osaziononga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndiye mukafuna kuyesa, onjezani chinthu chimodzi, mulawe, mumve chimene chachita. Yesaninso m'kapoto kakang'ono. Ife amene tidaona njala ya 2002, anthu akudya gaga ndi mizu ya kutchire, sitingaone poto wathunthu wa ndiwo akutayidwa kudzala mtima osawawa. Ufa, mafuta ndi makala n'zodula, ndipo ana sagonera luso lanu ngati chakudya chakanika. Musayeserenso tsiku limene kwabwera apongozi, kapena pa ukwati ndi pamaliro pomwe anthu ambiri akudalira mthiko wanu. Pamenepo phikani chimene manja anu adachizolowera.

Kusintha kumene ine ndimakuyamikira kwambiri ndi kuja kowonjezera thanzi m'mbale. Likuni phala amene walera ana ochuluka m'dziko muno ndi phala lathu lomwe lija la chimanga, kungoti adaonjezamo soya, ndipo dzina lake adatengera ku Likuni, kufupi ndi Lilongwe. Kunyumba nanunso mungathe: supuni ya nsinjiro m'phala la mgaiwa, usipa wokazinga wosinja bwino, kapena ufa wa malambe kuti liwawasire pang'ono. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni ndi Kadyaubwerere, ili ndi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi. Iphikeni futali, kapena muiwiritse, muiphwanye, muisakanize ndi fulawa wa mandasi. Fulawa mugula wochepa, shuga muthira wochepa, ana adya mokondwa. Abale athu ali ku Johannesburg ndi ku London, kumene mtondo ndi munsi kulibe, amatendera sipinachi ndi chiponde cha m'botolo. Amenewo simungawanene kuti ataya mwambo, angoupezera njira kuti upulumuke kuchilendo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Ndipo inu azibambo, nanunso ndikunena nanu. Mayi wa kunyumba akayesa china chatsopano, musakankhe mbale musanalawe. Mawu amodzi onyoza amabweza mthiko m'mbuyo zaka zambiri. Lawani, ndipo ngati mchere wachepa nenani mwaulemu.

Mdzukulu uja adabweranso nthawi yokolola. Ulendo uno sadandiuze kuti ndipume. Adandipempha ndikhale pafupi pamene ankakanya chigumu: mgaiwa, nthochi zakupsa kwambiri, soda kansonga ka supuni, monga ndidamuphunzitsira. Kenaka adatulutsa mbatata yofiira yowiritsa, adaiphwanya ndi chipande n'kuisakaniza momwemo. Tidaika makala pansi pa poto, ena pachivundikiro, n'kudikira. Chitapsa chidatuluka chachikasu m'kati, chofewa, chosauma pakhosi ngakhale popanda tiyi. Agogo ake aamuna, amene sayamikira chakudya wambawamba, adadya chidutswa chimodzi chete, kenaka adatambasula dzanja kufuna china. Ine ndidamukokera mtsikanayo pambali ndi kumufunsa kuti, "Mwanawe, mbatata ija udathira zingati?"