Za mudzi wogwirizana pa maliro pokha

Palibe mwambi umene tautopetsa pa misonkhano ya chitukuko kuposa uwu wakuti mutu umodzi susenza denga. Khansala amaunena, wapolisi amaunena, mlendo wolemekezeka naye amatsekera nawo mawu ake, anthu n'kuomba m'manja, n'kubalalika. Mawa lake ngalande ili chitsekekere, akuba ali chibere, ndipo mphepo ikuulutsa majumbo monga kale. Mwambiwo ulibe mlandu. Ife ndi amene tidaiwala ntchito imene idaubala.

Achinyamata obadwira m'nyumba za malata mwina sadaonepo denga likusenzedwa. Kale denga la nyumba yozungulira, ngakhalenso la nkhokwe, ankalipangira pansi. Akamanga phaso ndi luzi mpaka kulimba, mwini wake ankamema amuna a m'mudzi. Aliyense ankadziwa pogwira pake, ndipo pankakhala wamkulu mmodzi wopereka mawu kuti onse anyamule nthawi imodzi, popeza wina akatsogola denga limapendama n'kuvulaza anthu. Thobwa kapena mowa wothokozera unkamwedwa poyera, aliyense akuona kukula kwa mtsuko. Wokana kubwera popanda chifukwa ankadziwika dzina, ndipo tsiku la denga lake ankadzaona yekha kulemera kwake. Choncho mwambiwu umanena za gulu lodziwana mayina, lokhala ndi womvera mmodzi, logwira ntchito imene aliyense akuiona poyambira ndi pothera pake.

Ena amati mtima umenewu udatsala kumudzi, m'tauni aliyense ndi zake. Ine ndikukana. Pitani ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Mchengautuwa tsiku limene kwagwa zovuta. Uthenga umafika kwa amfumu kusanache, masamba n'kuikidwa pamsewu. Amayi amayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa ufa ndi kangachepe, nkhuni zimapezeka, adzukulu amalawirira kumanda. Mchewa, Myao, Mtumbuka, Mlomwe ndi Msena amagona pasiwa imodzi, Mkhristu ndi Msilamu n'kudyera pamodzi. Palibe bungwe lakunja limene limawapatsa alawansi. Ndipo pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira: mlembi amakhala ndi buku. Mwambo usanathe, chipepeso chimawerengedwa pamaso pa onse. Mudzi wakuti wapereka zakuti, mpingo wapereka zakuti, anzake a kuntchito zakuti, zagwira ntchito zakuti, zatsala zakuti. Wopereka K500 amamva kuti ndalama yake yafika.

Tsono funso langa ndi ili, owerenga anzanga: anthu omwewa, amene amaika mnzawo m'manda mwadongosolo lotere, n'chifukwa chiyani amalephera kusonkha ndalama ya alonda miyezi itatu yotsatizana? Ulesi si yankho, pakuti waulesi sakumba manda m'chilimwe. Chimene ndaona n'chakuti makomiti athu ambiri a amoyo alibe zinthu ziwiri zimene komiti ya maliro ili nazo, ndizo buku lowerengedwa poyera ndi chizolowezi chowerengera aliyense wokhala m'deralo ngati mwini mudzi.

Tiyambe ndi chitetezo, popeza ndi chimene chimasonkhanitsa anthu msanga. Amene tidaona nthawi ya chipani chimodzi tikukumbukira kuti bata la masiku amenewo linkayenda ndi mantha a Youth League ndi Apayoniya. Asilikali atalanda zida za Apayoniya mu Disembala 1993, ndipo ndale zitasintha mu 1994, manthawo adachoka, koma chowalowa m'malo chidachedwa. Apolisi adayambitsa ndondomeko yoti anthu azithandizana nawo pa chitetezo cha m'madera mu 1997, ndipo lamulo la apolisi la 2010 lidaipatsa maziko. Ganizolo n'labwino. Koma taonani m'mene nkhani imayendera m'madera ambiri. Nyumba zingapo zikathyoledwa, msonkhano umaitanidwa, anyamata amasankhidwa, tochi ndi mluzu zimagulidwa. Mwezi woyamba anthu amagona tulo. Mwezi wachiwiri wotolera ndalama amayenda popanda lisiti. Mwezi wachitatu manong'onong'o ayamba kuti msungichuma wagula njinga. Kaya n'zoona kaya n'zabodza, palibe wotsutsa chifukwa palibe buku. Anthu amaleka kusonkha, anyamata aja osalipidwa n'kuyamba kudzilipira okha poimitsa odutsa usiku. Namwino wochokera kuntchito ndi mlonda wopita kuntchito amasanduka nyama ya anthu amene adaikidwa kuti awateteze.

Pamenepa mpamene mkwiyo umafika pa tayala ndi petulo. Ndinene mosapsatira: kutentha munthu woganiziridwa kuba ndi kupha, ndipo si mwambo wa makolo. Pabwalo la mfumu wolakwa ankakhala pansi, ankayankha, ankhoswe ake ankamulankhulira, mlandu n'kutha ndi mbuzi kapena nkhuku. Ngakhale wothamangitsidwa m'mudzi ankachoka ndi moyo wake. Anthu amadandaula kuti akapereka wakuba kupolisi mawa lake amamuona pamsika. Dandaulolo ndimalimva, ndipo sindikunena kuti ziphuphu kulibe. Koma malamulo aakulu a dziko lino amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo belo ndi ufulu wa aliyense, ngakhale mwana wanu atanamiziridwa. Milandu yambiri imafera m'mazira chifukwa amene adagwira wakuba sapita kukachitira umboni. Komiti yachitetezo yodziwa ntchito yake ikadasunga kandalama ka minibasi kotumizira mboni kukhoti. Imeneyo ndi ntchito yosaoneka, yopanda nthungululu, koma ndi imene imasunga wakuba kundende.

Chachiwiri chija n'chovuta kuchinena chifukwa chikukhudza anzanga a msinkhu wanga amene tidamanga timidadada ta lendi ndi ndalama ya penshoni. M'madera ambiri odzaza anthu, ochita lendi ndi ochuluka zedi. Papuloti imodzi pamakhala mabanja asanu, ngakhale khumi, chimbudzi chimodzi, landilodi akukhala kwina kumene kuli mpanda ndi galu. Koma msonkhano wa dera ukaitanidwa, mawu amakhala a eni mapuloti. Walendi amatengedwa ngati wodutsa, ndipo ndamvapo wina akuteteza zimenezi ndi mwambi wakuti mlendo ndi mame. Mwambiwo udapindidwa khosi. Makolo ankatanthauza kuti mlendo umusamale lero popeza sakhalitsa. Munthu amene wakhala m'dera zaka khumi ndi ziwiri, ana ake onse n'kubadwira momwemo, mame ake ndi otani osakamuka? Iye ndi amene amamva phazi la wakuba usiku, ndi amene mwana wake amasewera m'ngalande. Pa maliro timamulemba m'buku ndipo akapanda kusonkha timamufunsa. Pa nkhani ya zinyalala ndi chitetezo timafuna ndalama yake koma mpando osamupatsa.

Kuti zimenezi zisaoneke ngati maloto a nkhalamba, nditchule kumene zidachitika. Mu 2003, ku Mtandire mumzinda wa Lilongwe, amayi osauka, ambiri a iwo ochita lendi, adayamba timagulu tosunga ndalama tsiku ndi tsiku mothandizana ndi bungwe la CCODE. Timaguluto tidakula n'kukhala chitaganya cha anthu osowa nyumba. Thumba lawo la ngongole adalitcha Mchenga, pofanizira ndi timiyala tating'onoting'ono timene tikakumana timamanga khoma. Makhonsolo, amene sakadamvera mayi mmodzi wogulitsa mandasi, adamvera gulu lobwera ndi mabuku m'manja. Adapatsidwa mapuloti oposa 200 ku Area 49 ku Lilongwe, oposa 400 ku Angelo Goveya ku Blantyre, ndi ena ku Mchengautuwa ku Mzuzu, n'kumanga nyumba za zidina ndi manja awo. Nyumbazo n'zazing'ono, ndipo si zonse zidayenda bwino pa kubweza ngongole. Komabe chimene chidatsegula chitseko cha khonsolo chidali kabuku ka tsiku ndi tsiku kamene membala aliyense ankatha kukaona.

Nkhani ya madzi ku Lilongwe ikuphunzitsa zomwezo kuchokera mbali ina. Mipopi yogulitsira madzi m'madera monga Chinsapo ndi Mtandire idakhala nthawi ili m'manja mwa makomiti amene ankatolera ndalama kwa amayi koma osalipira mabilu, mpaka ngongole idakula, mipopi ina n'kutsekedwa. Cha m'ma 2006 kudakhazikitsidwa mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi, okhala ndi malamulo olembedwa, ogulitsa olipidwa pamwezi, ndi ndalama zopita kubanki. Anthu adali omwewo, umphawi womwewo. Chidasintha ndi kasungidwe ka ndalama, ndipo madzi adayambanso kutuluka.

Za uve ndiye zimandiwawa mtima kwambiri. Aliyense wodutsa pa mtsinje wa Mudi ku Blantyre amaumva ndi mphuno asanauone ndi maso. Matewera a ana otayidwa m'ngalande akhala mliri wa masiku ano, chinthu chimene agogo athu akadachiyesa malaulo. Boma lidaletsa majumbo opyapyala mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, koma kukokanakokana kwa m'makhoti kudapitirira zaka zingapo majumbowo ali mbwee. Mu Novembala 2020 kudakhazikitsidwa tsiku losesa la mwezi ndi mwezi, mwambo wake n'kuchitikira ku Chinsapo, ndipo tidaona akuluakulu atagwira matsache pamaso pa makamera. Changu chake chidazilala monga momwe zimazilalira ntchito zonse zochokera kumwamba. Kenaka kolera wa 2022 ndi 2023 adatenga miyoyo yoposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zidachedwa kutsegulidwa. Monga mphunzitsi, ndikudziwa kuti masabata otayika ku Sitandade 8 sabwereranso. Mabuku a maliro adadzaza chaka chimenecho, ndipo ndalama zimene tidasonkha pogula mabokosi zikadatha kukumba maenje a zinyalala ndi kupopa zimbudzi zambiri.

Pano ndichenjeze, kuopa kuti a khonsolo angandiombere m'manja. Gulu la m'dera lingathe kusesa, kupatula zinyalala zoola n'kupanga manyowa monga amachitira amayi ena a ku Mtandire, ndi kudzudzula wotaya matewera. Silingathe kugula galimoto yonyamula zinyalala kapena kuletsa fakitale kuthira zoipa mumtsinje. Silikadathanso kuletsa lokha anthu kumanga m'mphepete mwa phiri la Soche, kumene matope a namondwe Freddy adakwirira mabanja a ku Chilobwe mu Malichi 2023. Zimenezo ndi za khonsolo ndi boma. Tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, ndipo anthu adazolowera kusafunsa. Komiti ya dera imene ili ndi buku loyera imakhala ndi nkhope yokafunsira khonsolo buku lake.

Pa za moto ndi magetsi sindichulukitsa mawu. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa chaka ndi miyezi mbaula ya makala idalamulira ngakhale m'nyumba za mawaya. Phiri la Ndirande lidametedwa mpala m'zaka za m'ma 1990 anthu akuona. Kulalikira mayi kuti aleke makala osamuonetsa chophikira china n'kutaya malovu. Koma dera lingathe kugula pamodzi mbaula za Chitetezo zosatha nkhuni, ndi kuika nyali ya sola pamlatho kapena pampopi pamene achifwamba amabisalira, ntchito imodzi n'kuthandiza mbali ziwiri. Anthu a kwa Bondo ku Mulanje amayatsa magetsi ochokera mumtsinje wa Lichenya, ndipo adatuta nawo miyala ndi mchenga pomanga ngalande yake. Ngati adatha a kumudzi, a m'tauni asanamizire kusowa nzeru.

Pempho langa likupita kwa mafumu a m'tauni ndi atsogoleri a mabuloko, pakuti ndi amene amasunga buku la maliro. Gulani buku lachiwiri, la mtundu womwewo. Lembanimo khomo lililonse, la landilodi ndi la walendi, ndipo pa mipando ya komiti theka likhale la ochita lendi. Ndalama zisungidwe ndi amayi amene amayendetsa kale banki m'khonde, chifukwa iwo adazolowera kuwerenga ndalama pamphasa anthu akuona. Musayambe ndi ntchito khumi. Sankhani imodzi yoti ithe mwezi umodzi, kaya ndi nyali ya pamlatho, kaya ndi kufukula ngalande imodzi mvula isanagwe. Ikatha, mlembi aimirire Loweruka masana pabwalo la sukulu, awerenge dzina ndi dzina, zolowa ndi zotuluka, mpaka mtengo wa mabatire a tochi.