Kalata Yocokera Kutsidya kwa Nyanja

Mnyamata wina wa kwathu anapita ku Mangalande kukaphunzira za malamulo, ndipo pa tsiku la ulendo wace amai anaimba nthungululu kufikira mau anawathera. Citapita caka cimodzi kalata inafika kwa atsibweni ace, amene anali kumlipirira sukulu. Anailemba mphunzitsi womyang'anira, nati mnyamatayo walephera mayeso awiri, saonekanso m'kalasi, ndipo iye ali ndi nkhawa. Abale anasonkhana, naweruza mlandu msanga: mzungu uyu amuda mwana wathu. Kalata anaibisa m'bokosi, ndipo palibe anaiyankha.

Ine ndikana ciweruzo cimeneci. Munthu wodana nawe sataya nthawi yace kulembera abale ako; angokhala cete, nadikira tsiku lakuti akucotse. Wakutsina khutu ndiye mnansi. Tsankho liriko ku Ulaya, sindikana, koma ife talisandutsa cofunda cobisamo manyazi athu.

Inu amene mwangotsiriza sukulu, dziwani kuti ku yunivesite kulibe belo lokudzutsani, kulibe mphunzitsi woyendera kope lanu madzulo. Mphunzitsi alankhula ola limodzi, Cingelezi cace cothamanga ngati madzi a pa mathithi, nacoka. Zotsala mukazifunefune nokha m'mabuku. Mwana amene anazolowera kuloweza pamtima zolembedwa pa bolodi afunsidwa maganizo ace a iye mwini, nasowa ponena. M'mwezi wa December kuda isanakwane 4 koloko, ndipo kuzizira kumtsekera m'cipinda yekha. Acita manyazi kufunsa, pakuti kwathu anali woyamba m'kalasi.

Tsono ife abale tithira mcere pa cironda. Ticita ngati ndarama za ku Ulaya azitola pansi: uyu afuna malata, uyo feteleza, winanso fizi ya mwana wace. Lamulo la Britain lilola wophunzira wacilendo wa digiri kugwira nchito maola 20 okha pa sabata m'nyengo ya sukulu, ndipo mnyamata wathuyo anali kuwathera onse pa nchito ya usiku kuti atitumizire. M'mawa akaphunzira bwanji? Mphunzitsi uja anaona maso ofiira ndi tulo. Ife tinaona ndarama zokha.

Ena anditsutsa ndi dzina la Harry Nkumbula. Ati kodi iye sanabwerere kucokera ku London School of Economics mu 1950 wopanda digiri, nakhala mtsogoleri wa Congress mu 1951? Nzoona. Koma cimene cinamlanda nthawi cidziwika: mu 1949 iye ndi Dr. Hastings Banda analemba cikalata cotsutsa citaganya ca Federation. Mwana wanu walemba ciani? Ndiponso kumbukirani kuti pofika 1964, pamene Zambia analandira ufulu, dziko lonse linali ndi eni dziko a digiri ngati 100 okha. Digiri iri yonse imene inatayika kunja inasiya mpando wopanda mwini ku cipatala kapena ku khoti.

Ndinapempha atsibweni aja kuti aturutse kalatayo, timyankhe mphunzitsi, timfunse cimene mwanayo asowa, ndi kuuza abale aleke kupempha kufikira atatsiriza. Anandiyankha kuti za m'banja sauza mlendo. Kalata yaciwiri inafika patapita miyezi isanu ndi umodzi, ndipo inali yaifupi.