Chipewa cha Chilembwe pansanja yobwereka

Kwa zaka zoposa 150, nsanja ina yamiyala pabwalo la Trafalgar Square mumzinda wa London idakhala yopanda kanthu. Idamangidwa mu 1841 kuti pakhale chiboliboli cha Mfumu William IV, koma ndalama zidavuta. Masiku ano nsanjayi ilibe mwini: akatswiri a zaluso amasinthana kuikapo ntchito zawo kwa kanthawi.

Mu September 2022 mwayi udagwera Mmalawi, Samson Kambalu, yemwe adaphunzira ku Chancellor College. Iye adaimikapo ziboliboli ziwiri, cha mbusa John Chilembwe ndi cha mnzake wachizungu, mmishonale John Chorley, potengera chithunzi cha mu 1914 chomwe awiriwa adajambulitsa patchalitchi cha PIM ku Chiradzulu.

Pachithunzipo onse avala zipewa, pomwe nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Chaka chotsatira Chilembwe adaukira atsamunda ndipo adaphedwa.

Nzeru za Kambalu zagona pa momwe adagawira malo. Chorley adamusiya pamsinkhu wa munthu wamba, koma Chilembwe adamukuza pafupifupi kawiri. Pakati pawo adasiya mpata, ndipo mpatawo ndiwo ukufunsa woonera: kodi awiriwa adali abwenzi ofanana, kapena lamulo lidawalekanitsa ngakhale adaima limodzi?

Bwalo lenilenilo nalo lidali mbali ya uthengawo. Nsanja zina zitatu pabwaloli zidasenza Mfumu George IV komanso akuluakulu a asilikali, Henry Havelock ndi Charles Napier, omwe adamenyera ufumu wa Britain ku India. Iwowa ndi okhazikika. Chilembwe adali mlendo, ndipo mu 2024 adatsitsidwa kuti papite ntchito ya Teresa Margolles wa ku Mexico.

Wina anganene kuti ulemu wa zaka ziwiri ndi wochepa. Komabe chiboliboli chokhazikika anthu amachizolowera n'kusiya kuchiona, pomwe chobwera n'kupita chimautsa mkangano.

Mkangano wotere si wachilendo kuno kumudzi. Mu 2018 khoti lidaimitsa ntchito yomanga chiboliboli cha Mahatma Gandhi mumzinda wa Blantyre anthu ena atadandaula. Izi zidaonetsa kuti malo ooneka opanda kanthu, kaya paraundabauti kaya pakhomo la msika, ali ndi eni ake ambiri.

Chilembwe amadutsa m'manja mwa Amalawi tsiku lililonse pandalama ya K500 ndi K2 000. Funso n'lakuti ndi angati amene amaima n'kumuyang'ana monga adachitira anthu odutsa pa London.