Mpheta nazo zimadwala malungo, koma si athuwa

Sabata yatha pa Liwonde ndinagula mpheta zokazinga, koma alamu anga a ku Ulongwe anakana kulawa. Akuti anamva kuti mbalame zimakhala ndi malungo, ndiye mwana wawo amene anagonekedwa m'chipatala nthawi ya dzinja ayenera kuti anawatengera ku ndiwo zimenezi. "Alamu, inu idyani, ine pepani," anatero.

Theka la zimene anamvazo n'zoona. Mbalame zakutchire zili ndi malungo awoawo, ndipo ndi ambiri kuposa athu. Mu 2015 ofufuza a Field Museum ya ku Chicago anatulutsa zimene anapeza atayeza magazi a mbalame 532 za mitundu 152 ku Vwaza ndi ku Nyika. Pafupifupi mbalame 8 mwa 10 zilizonse zinali ndi tizirombo ta malungo kapena abale ake. Anawerenga mitundu 248 ya tiziromboti, ndipo 201 inali isanalembedwepo kwina kulikonse. Tangoganizani za nkhalango ya Liwonde, momwe muli mitundu ya mbalame yoposa 380 m'mbali mwa Shire, kapena madambo a nyanja ya Chilwa kumene kumatera mbalame zochokera ku Ulaya.

Chondisangalatsa ine n'chakuti tiziromboti timasankha pokhala. Gulu lotchedwa Haemoproteus, limene limafalitsidwa ndi tintchentche toluma, nthawi zambiri limakakamira banja limodzi la mbalame: ka njiwa kamakhala ka njiwa basi. Gulu lina, Leucocytozoon, limayenda ndi tintchentche takuda toswana m'madzi othamanga. Koma Plasmodium relictum ndi wosusuka, salabada kuti mwini magazi ndi ndani bola akhale ndi nthenga. Udzudzu utafika pa zilumba za Hawaii m'zaka za m'ma 1800, kachirombo kameneka kanathandiza kutha mitundu ingapo ya mbalame zomwe matupi awo anali asanakumanepo nako. Zathu kuno zakhala nako kuyambira kalekale, n'chifukwa chake zambiri zimangouluka nako osaoneka kudwala.

Ngakhale wosusukayo malire ake ndi nthenga. M'magazi a munthu sakhalamo. Amayenda kwambiri ndi udzudzu wa Culex, uja woswana m'zithaphwi zonunkha, pamene Plasmodium falciparum amene amagoneka ana athu amabwera ndi Anopheles wamkazi, woluma usiku. Ndipo malungo, kaya a mbalame kaya a munthu, salowera pakamwa. Tiwanamizire mango ndi nzimbe, tsopano tiwonjezerepo mpheta?

Mbalamezi tiyenera kuzithokoza. Mu 1898 ku Calcutta, Ronald Ross anagwiritsa ntchito mbalame zodwala poonetsa kuti udzudzu ndiwo umasamutsa malungo. Katemera wa malungo amene anayamba kuperekedwa kwa ana mu 2019, m'maboma ena kuphatikizapo Balaka ndi Machinga, akulimbana ndi falciparum yemweyo.

Ndinawafotokozera alamu zonsezi tili m'minibasi. Anamvetsera mwaulemu, koma mpheta sanadye. Titafika kwawo ndinapeza neti imene analandira kuchipatala itakutidwa bwinobwino pa khola la anapiye, kuopa mphamba. Mwana uja amagona pamphasa popanda chilichonse pamwamba. Ndinawapempha kuti anapiyewo tiwalukire chitete, ndipo nsungwi ndinalipira ndine.