Saluni Yaikulu: Kodi Iyenera Msewu wa ku Njewa?

Wolemba Mtolankhani Wathu

Munthu woyenda mu mzinda wa Lilongwe masiku ano aona mabwalo ogulitsira magalimoto m'mbali mwa misewu yambiri, ndipo pakati pa timagalimoto timene tadzaza m'mabwalomo sipalephera kupezeka saluni yaikulu yonyezimira, monga Toyota Crown, Toyota Mark X, Nissan Teana kapena Mercedes-Benz. Antchito a Boma ndi aphunzitsi ambiri amene amanga nyumba zawo ku Njewa, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, ndi ena okhala ku Chinsapo, ku Area 23 ndi ku Area 25, akhala akuima pamabwalo amenewa ndi kufunsa mitengo. Ena a iwo ndalama zimene afuna kugulira ndi ngongole ya ku SACCO kapena ya kubanki, ndipo ena ndi ndalama zopumira pa ntchito zimene adazigwirira zaka makumi atatu. Chifukwa chake nkhani imeneyi si yamasewera, ndipo tifuna kuti awerengi athu aione bwino asanatulutse ndalama.

Mfundo yathu ndi iyi: kukoma kwa galimoto sikuyesedwa pabwalo pamene yaima. Kuyesedwa pa msewu umene mwiniwake ayendapo tsiku ndi tsiku, pamalo omwetsera mafuta, ndi kwa makaniko.

Chifukwa chiyani ioneka yotsika mtengo?

Amene amayang'ana mitengo ya ogulitsa a ku Japan pa intaneti adabwa kuona kuti nthawi zina saluni yaikulu itsika mtengo kuposa Corolla Axio kapena Premio ya zaka zofanana. Palibe matsenga pamenepa. Ku Japan galimoto yatsopano iyesedwa ndi Boma ikatha zaka 3, ndipo pambuyo pake iyesedwa zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako kudya ndalama zambiri. Msonkho wa chaka ndi chaka ukula molingana ndi kukula kwa injini, ndipo ukweranso galimoto ya petulo ikapitirira zaka 13. Kuwonjezera apo, mtima wa ogula kumeneko udachoka pa masaluni, kotero kuti kampani ya Toyota idaleka kupanga Mark X m'chaka cha 2019. Tsono mwini galimoto yotere ku Japan afuna kuitaya msanga, pamene timagalimoto tating'ono tikulimbiranidwa ndi ogula a m'maiko ambiri a mu Africa.

Koma mtengo wa ku Japan ndi chiyambi chabe. Magalimoto ambiri obwera kuno atsikira pa doko la Dar es Salaam, nayenda okha pa msewu makilomita pafupifupi 1,500 kudzera pa chipata cha Songwe kuti afike ku Lilongwe. Pamenepo bungwe la Malawi Revenue Authority lilandira msonkho, ndipo msonkhowo ukula pamene injini ili yaikulu. M'chaka cha 2023 Boma lidayambitsa njira ya msonkho woikiratu pa magalimoto amene adagwirapo kale ntchito, kuti wogula adziwiretu chimene adzalipire ndi kuti mikangano ya pa chipata ichepe. Choncho munthu wanzeru ayamba wafunsa ku MRA asanatumize ndalama kunja. Ena adandaula kuti Boma liwaumira mtima eni magalimoto aakulu, koma tikumbuke kuti galimoto, mafuta ake ndi zitsulo zake zonse zigulidwa ndi ndalama zakunja, zomwezo zimene dziko lifuna kuti ligulire mankhwala ndi feteleza.

Mphamvu ya Kwacha nayo ilowa m'nkhaniyi. Mu May 2022 Kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idachepetsedwanso ndi 44 peresenti, kotero kuti dola imodzi imene inali pafupifupi K1,180 idafika pa K1,700. Malipiro a mphunzitsi ali m'makwacha, koma mtengo wa chitsulo chilichonse cha galimoto yake utsata dola.

Ubwino wake ulipo ndithu

Sitinena kuti okonda masaluni aakulu ali opanda nzeru, iai. Galimoto yaitali ndi yolemera imeza mabampu bwino, siliritsa phokoso m'kati, ndipo mpando wakumbuyo upatsa munthu wamkulu malo otambasulira miyendo. Amene ayenda kawirikawiri pa msewu wa M1 kupita ku Blantyre kapena ku Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 300, afika osatopa kwambiri. Wonyamula makolo okalamba kapena wodwala msana adziwa kusiyana kwake.

Komanso masaluniwa safanana. Toyota Crown, imene idayamba kupangidwa m'chaka cha 1955, ili ndi mitundu ingapo. Crown Royal ndiyo yofewa, yopangidwira munthu wokhala kumbuyo. Crown Athlete ndi yolimbirako, yopangidwira wokonda liwiro, ndipo kawirikawiri ibwera ndi mawilo aakulu a matayala opyapyala. Mark X, imene idayamba m'chaka cha 2004, ndi yocheperako ndi yopepukirako, koma injini yake ndi ya masilinda 6, ya malita 2.5 kapena kuposa. Nissan Teana ili ndi mipando yofewa ndi malo ambiri kumbuyo, koma ambiri mwa magalimoto amenewa ali ndi giya ya mtundu wa CVT, imene ifuna mafuta akeake ndipo ikawonongeka kukonza kwake ndi kovuta. Toyota Camry ili ndi injini ya masilinda 4, ndipo imene idagulitsidwa ku Japan kuyambira 2011 ndi ya hybrid, yoyendera petulo ndi batire. Mercedes-Benz E-Class ndi yokhazikika bwino pa msewu, koma zitsulo zake n'zokwera mtengo ndipo amakaniko oidziwa ali owerengeka.

Msewu wofika pakhomo

Boma lagwira ntchito yaikulu pa misewu ya mu likulu. Msewu wolambalala mzinda wa Western Bypass, mlatho wa pa Area 18 umene udatsegulidwa m'chaka cha 2020, ndi misewu ina imene yakuzidwa, zafewetsa ulendo wopita ku Capital Hill. Koma wokhala ku Njewa adziwa kuti phula lithera pa msewu waukulu. Akapatuka pamenepo atsala ndi msewu wadothi, umene m'chilimwe uli fumbi ndi mabampu, ndipo kuyambira December kufikira March uli matope ndi ngalande zokumbidwa ndi madzi. Momwemonso zili m'madera ambiri a Chinsapo ndi Mgona.

Mimba ya Crown kapena Mark X italikira pansi masentimita pafupifupi 15 okha, ndipo mukakwera anthu asanu ndi thumba la chimanga m'buti, itsikanso. Popeza galimotoyo ndi yaitali, pamene mawilo akutsogolo atsika chitumbira akumbuyo asanakwere, mimba ikhuza pansi. Ndiponso Crown, Mark X ndi Mercedes-Benz zambiri zikankhidwa ndi mawilo akumbuyo, amene sachedwa kuterereka pa matope, pamene Teana ndi Camry zikokedwa ndi mawilo akutsogolo amene apanikizidwa ndi kulemera kwa injini.

Achikulire akumbukira Peugeot 504, imene idatuluka m'chaka cha 1968 nitchuka mu Africa monse. Inali saluni yofewa, koma sidatchuke chifukwa cha zokometsera. Idatchuka chifukwa masipuling'i ake anali aatali ndi olimba pa misewu yoipa, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo ankatha kuikonza. Muyeso umenewo sunathe ntchito.

Zida za m'kati: magulu atatu

Ogulitsa akonda kuwerenga zida za m'galimoto ngati kuti zonse zili ndi phindu lofanana. Ife tiona kuti zili m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi la zida zimene zigwiradi ntchito kuno. Izi ndi malamba a pa mipando yonse, matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi, mabuleki a ABS, makina oziziritsa m'kati amene alola munthu kutseka mawindo pa fumbi ndi pa kutentha kwa October, kamera yoonera kumbuyo pakhomo pamene ana asewera, ndi tayala lapadera lenileni pamodzi ndi jeke. Magalimoto ena atsopano abwera opanda tayala lapadera, ali ndi kabotolo komatira ndi kapampu basi, zimene sizithandiza tayala likang'ambika m'mbali pa dzenje.

Gulu lachiwiri ndi la zida zimene zidapangidwira dziko lina. Mipando yotenthetsa ndi ya kwa eni chipale. Mapu a pa galasi la kutsogolo ndi a misewu ya ku Japan ndipo alembedwa m'chinenero cha kumeneko. Wailesi ya ku Japan igwira kuyambira 76 kufikira 90 MHz, pamene nyumba zathu zoulutsira mawu zili pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, kotero kuti zambiri sizimveka popanda kuikamo kachida kena. Zimenezi sizivulaza munthu, koma wogula asawonjezere ndalama chifukwa cha izo.

Gulu lachitatu ndilo loopsa, pakuti ndi la zida zimene zikoma lero ndi kudya ndalama mawa. Masipuling'i a mpweya, amene apezeka pa mitundu ina ya Crown Majesta ndi ya Mercedes-Benz, ayendetsa galimoto ngati bwato pa madzi abata, koma akabooka galimoto ikhala pansi ndipo kugula ena ndi mtolo wolemera. Matayala opyapyala a pa mawilo aakulu aoneka bwino, koma dzenje limodzi litha kupinda wilo. Denga lotsegula lidontha timipaipi take tikatsekeka ndi fumbi. Batire ya hybrid ichepetsa petulo m'tauni, koma pa galimoto ya zaka zoposa 10 iyenera kuyesedwa ndi wodziwa isanagulidwe. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mafuta ndi ngongole

Tiyerekeze wantchito wa Boma woyenda makilomita 30 pa tsiku kupita ndi kubwera, masiku 22 pa mwezi. Amenewo ndi makilomita 660. Ngati galimoto yake iyenda makilomita 8 pa lita m'tauni, afuna malita pafupifupi 82. Ngati iyenda makilomita 13 pa lita, afuna malita pafupifupi 51. Kusiyana kwake ndi malita oposa 30 pa mwezi, ndiye kuti oposa 360 pa chaka, osawerengera maulendo a kumudzi, a kumaliro ndi a kutchalitchi. Aliyense achulukitse yekha ndi mtengo umene bungwe la MERA laika, nafanizire ndi malipiro ake. Amene adagona pa mizere ya mafuta m'zaka za 2011, 2022 ndi 2024 akumbukiranso kuti pamene mafuta agulitsidwa mopimira, galimoto yomwa kwambiri ndiyo iyamba kuima.

Pamwamba pa mafuta pali inshuwalansi, chiphaso cha COF, matayala aakulu amene akwera mtengo kuposa aang'ono, ndi chiwongoladzanja. M'chaka cha 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki abwereketsa anthu pa mlingo woposa wa Reserve Bank. Ngongole idulidwa ku malipiro mwezi ndi mwezi, ngakhale galimotoyo itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba kudikira chitsulo chochokera kunja.

Tsono wogula atani?

Sitiletsa munthu kugula saluni yaikulu. Amene nyumba yake ili pa phula, amene ayenda maulendo aatali, ndipo malipiro ake atha kusenza mafuta ndi zokonzetsera popanda kusowetsa ana fizi, agule ndipo akondwere nayo. Mwa masaluniwa asankhe ya injini yocheperako, ya masipuling'i achitsulo, ya matayala ochindikala, imene zitsulo zake zipezeka m'masitolo a mu Lilongwe momwe muno.

Koma asanalipire achite zinthu zinayi. Afunse msonkho ku MRA ngati galimotoyo ikali kunja, kapena aone mapepala a msonkho ndi a umwini ngati ili kale kuno. Atenge makaniko wake, osati wa wogulitsa, kuti aiyang'ane pansi ndi kuiyesa ndi kompyuta. Afunse m'masitolo mtengo wa mashokapu, wa tayala limodzi ndi wa galasi lakutsogolo. Ndipo apemphe kuiyendetsa, banja lake lili m'kati, pa msewu weniweni wofika pakhomo pake. Ngati pa ulendo umenewo mimba ya galimoto ikhuza pansi m'chilimwe, adziwiretu chimene chidzachitike mvula ikagwa, ndipo ayang'ane galimoto ina.