Bolsa Ifike kwa Mwana Wanzeru wa Mlimi

Inu amene mukuphunzira kuwerenga ndi kulemba, nkhani ya lero ikhoza kuoneka ngati ya kutali. Tikukamba za maphunziro apamwamba penipeni, pomwe inu mukulimbana ndi zilembo ndi manambala. Koma musadumphe tsambali. Nkhaniyi ndi ya ana anu ndi adzukulu anu. Ndi nkhaninso ya ndalama za msonkho umene inu mumapereka.

Tiyambe ndi mawu atatu a Chipwitikizi. Mwana akamaliza kalasi 12, akhoza kulowa yunivesite. Akaphunzira zaka zinayi kapena kuposerapo, amalandira licenciatura. Pamwamba pake pali mestrado, imene nthawi zambiri imatenga zaka ziwiri. Pamwamba pa zonse pali doutoramento, ya zaka zitatu kapena kuposerapo. Anthu ofika kumeneko ndiwo amaphunzitsa aphunzitsi ndi madokotala. Ndiwonso amafufuza matenda a chimanga ndi nandolo, ndi kulangiza boma pa za misewu, madzi ndi malamulo.

Maphunziro amenewa ndi odula. Mlimi wa ku Majaua kapena ku Mongue sangawalipire ndi matumba a chimanga, ngakhale chaka chimene wakolola bwino. N'chifukwa chake pali bolsa de estudo, kapena bolsa mwachidule. Bolsa ndi ndalama zothandiza munthu kuti aphunzire. Ina imalipira zonse: propina, ndiye kuti ndalama za sukulu, pogona ndi chakudya. Ina imalipira gawo chabe. Mu 2007 boma la Mozambique linakhazikitsa Instituto de Bolsas de Estudo, mwachidule IBE, kuti iziyang'anira bolsa za boma, za m'dziko muno ndi za kunja. Palinso bolsa za mayiko ena monga Portugal, Brazil, America ndi Britain.

Ofuna bolsa ndi ambiri, koma malo ndi ochepa. Ndiye apatsidwe ndani? Pali miyeso iwiri. Woyamba ndi wa nzeru: amayang'ana amene anakhoza bwino mayeso. Wachiwiri ndi wa kusowa: amayang'ana amene kwawo kulibe ndalama. Maganizo athu ndi akuti miyeso iwiriyi iyende limodzi. Umodzi ukasiyidwa, wolira ndi mwana wa kumudzi.

Tiyerekeze motere. M'sukulu zathu amawerenga mamalikisi kuyambira 0 mpaka 20. Mnyamata wina wa mumzinda wamaliza licenciatura ndi 15. Kwawo kuli magetsi, mabuku ndi intaneti, ndipo sanagonepo ndi njala. Mtsikana wina wochokera kuno ku Milange wamaliza ndi 14. Ankawerenga ndi tochi, ndipo patchuthi ankalima ganyu kuti apeze ya thiransipoti. Lero ndi mphunzitsi kumudzi, ndipo malipiro ake akudyetsa amayi ake ndi ang'ono ake atatu. Tikangoyang'ana nambala, bolsa ipita kwa mnyamata uja, amene makolo ake akanatha kumulipirira. Koma ndani mwa awiriwa wayenda ulendo wautali?

Ena amati: "Bolsa ipite kwa wanzeru basi, chifukwa umphawi si digiri." Mawu amenewa ali ndi choona chake, ndipo sitikuwataya. Mestrado ndi ntchito yolimba. Munthu amene sanakonzeke akapita, akalephera, ndipo ndalama za anthu zitayika. Dziko likufuna akatswiri enieni. Choncho pakhale malire a mamalikisi amene aliyense ayenera kufikapo, wolemera ndi wosauka yemwe. Koma pakati pa onse amene afika pamalirewo, patsogolo pakhale amene sangathe kudzilipirira. Pakhalenso malo osungidwira akazi ndi anthu a m'maboma akutali. Sichifundo chimenechi, ndi chilungamo. Ndime 88 ya malamulo aakulu a dziko lino imati maphunziro ndi ufulu ndiponso udindo wa nzika iliyonse. Ndime 114 imati mwayi wolowa m'sukulu zapamwamba za boma ukhale wofanana ndi wachilungamo.

Mbiri yathu ili ndi umboni. Eduardo Mondlane anabadwa mu 1920 m'boma la Manjacaze ku Gaza. Ali mwana ankaweta ziweto, ndipo sukulu anayamba mochedwa. Amishoni a ku Switzerland anaona nzeru zake namuthandiza. Mu 1949 boma la tsankho la South Africa linamuchotsa m'dzikomo akuphunzira pa yunivesite ya Witwatersrand. Sanataye mtima. Mu 1951, ali ndi zaka 31, analowa Oberlin College ku America ndi thandizo la bolsa. Pambuyo pake analandira mestrado ndi doutoramento pa yunivesite ya Northwestern. Mu 1962 anakhala mtsogoleri woyamba wa FRELIMO, ndipo lero yunivesite yakale kwambiri m'dziko muno imatchedwa ndi dzina lake. Nzeru anali nazo, koma ndalama analibe. Pakanapanda bolsa, kodi tikanamudziwa? Ndipo inu amene mwayamba kuwerenga mutakula, kumbukirani kuti nayenso anayamba mochedwa.

Koma vuto la Milange si miyeso yokha ayi. Ambiri amagwa mpikisano usanayambe. Bolsa imalengezedwa kudzera mu edital, chikalata chonena amene angapemphe, mapepala ofunika, ndi tsiku lotseka. Masiku ano edital zambiri zimatuluka pa intaneti, m'Chipwitikizi kapena m'Chingerezi. Munthu wa ku Maputo amaziona tsiku lomwelo. Mphunzitsi wa kuseri kwa phiri la Tumbine amamva nkhaniyo tsiku lotseka litapita. Ndipo akafuna kukonza pepala limodzi, mwina ayende pafupifupi makilomita 200 kukafika ku Mocuba, kenako apitirire ku Quelimane.

Apa m'pamene kuwerenga kwanu kuli ndi ntchito. Kalembera wa 2017 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 aliwonse m'dziko muno, 39 sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Inu mukutuluka m'gulu limenelo. Pali zinthu zinayi zimene mungayambe lero.

Choyamba, sungani mapepala. Mwana aliyense alembetsedwe kubadwa kwake, ndipo akhale ndi BI, chiphaso cha unzika. Onani kuti dzina ndi tsiku lobadwa zalembedwa chimodzimodzi pa BI ndi pa masatifiketi onse. Chilembo chimodzi cholakwika chikhoza kumutayitsa bolsa. Mukukumbuka namondwe Freddy mu Malichi 2023, momwe madzi analowera m'nyumba zambiri. Kulungani mapepala mu pulasitiki, muwaike pamwamba, ndipo mafotokope akhale kwa m'bale wina.

Chachiwiri, mabanja ambiri kuno anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, nabwerera pambuyo pa mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Mpaka lero ana ena amaphunzira kutsidya kwa Muloza. Satifiketi ya ku Malawi iyenera kuvomerezedwa ndi boma lathu. Zimenezi amati equivalência, ndipo zimatenga nthawi, choncho yambani msanga. Koma dziwaninso kuti Chingerezi chimene ana athu amatola m'malire muno ndi chuma. Mozambique inalowa m'bungwe la Commonwealth mu 1995, ndipo nzika zake zikhoza kupempha bolsa za ku Britain. Imodzi mwa izo ndi Chevening, ya mestrado ya chaka chimodzi. Imafuna munthu amene ali ndi digiri ndipo wagwirapo ntchito.

Chachitatu, funsani. Safunsa anadya phula. Pitani ku ofesi ya maphunziro ya boma lathu, SDEJT, kapena kwa mkulu wa sukulu ya sekondale. Funsani kuti edital yatuluka liti, ndipo itseka liti. Lamulo nambala 34 la 2014 limakupatsani ufulu wopempha ndi kulandira nkhani za boma. Simukupempha chifundo, mukufunsa zanu.

Chachinayi, musagule bolsa. Wina akakuuzani kuti mupereke mbuzi kapena ndalama kuti dzina la mwana wanu lilowe, ameneyo ndi wakuba. Kanenezeni ku polisi kapena ku Procuradoria. Chimodzimodzinso ndi atestado de pobreza, chikalata chotsimikizira kuti banja ndi losauka. Munthu wopeza bwino akachitenga mwachinyengo, wabera mwana wamasiye. Mafumu athu ndi alembi a m'madera, musasaine bodza. Inu mumadziwa khomo lililonse, ndipo siginecha yanu ikhoza kutsegula kapena kutseka njira ya mwana.

Kwa akuluakulu a maphunziro tili ndi pempho losavuta. Edital iliyonse ipachikidwe pakhomo la sukulu ndi la posto administrativo. Iwerengedwe pa wailesi m'Chichewa ndi m'Chilomwe, nthawi ikadalipo. Mayina a osankhidwa alengezedwe poyera, pamodzi ndi maboma amene akuchokera, kuti tonse tione ngati Milange ilimo.

Nawonso olandira bolsa ali ndi ngongole kwa anthu akwawo. Chevening imalamula kuti munthu akamaliza abwerere kwawo kwa zaka zosachepera ziwiri. Lamulo limeneli ndi labwino. Ku Mocuba kuli sukulu ya za ulimi ndi nkhalango ya Universidade Zambeze. Ku Quelimane kuli Universidade Licungo, imene inakhazikitsidwa mu 2019. Sukulu zimenezi zikufuna aphunzitsi a mestrado ndi doutoramento. Zingakhale bwino ena mwa iwo atakhala ana a kuno, odziwa dothi lathu, chinenero chathu, ndi mtengo umene mlimi amalandira pa nandolo wake.

Mwina mwana wanu akadali ku pulayimale, ndipo mestrado ili kutali. Koma m'mudzi mwanu muli mphunzitsi, namwino kapena mlangizi wa zaulimi amene ali ndi licenciatura. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mutengereni tsamba lino, muwerenge naye limodzi, ndipo mumufunse ngati mapepala ake ali okonzeka.