NZERU ZA PAKHOMO: Jenereta Yodziliza Yokha

Mwezi uno tikambirane za magetsi a dzuŵa. M'madera ambiri kumene nthambo za ESCOM sizinafike, zipatala zazing'ono, sukulu, nyumba za abusa ndi mabanja ena aika sola padenga, ndipo mphamvu yake amaisunga m'mabatire. Komatu dzuŵa siliŵala mofanana masiku onse. M'January ndi February mvula imatha kuvumba osalekeza, ndipo m'June ndi July chiperoni chimaphimba thambo masiku angapo. Pa nyengo zotere mabatire amatha. Ngati firiji yosungira katemera, amene ayenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, idalira mabatirewo, ikhoza kuzima pakati pa usiku anthu onse ali m'tulo.

N'chifukwa chake ena amagula jenereta yothandizira. Koma kodi adzailiza ndani pa 2 koloko usiku? Masiku ano jenereta ikhoza kudziliza ndi kudzizimitsa yokha. Mainveta ambiri ali ndi kaswichi kotchedwa relay, kamene amakalumikiza ku jenereta ndi nthambo ziŵiri. Mphamvu ya mabatire ikatsika kufika pa muyeso umene mwaika, kaswichiko kamatseka ndipo injini imalira. Mabatire akadzala kamatseguka, injini nkuzima. Dziŵani kuti jenereta yochita kukoka chingwe siingathe ntchito imeneyi. Pafunika yokhala ndi sitata ndiponso malo olumikizirapo nthambo ziŵirizo.

Tsono pali zinthu zinai zimene muyenera kugwirizana ndi mmisiri asanachoke pakhomo.

Choyamba, muyeso wolizira. Batire ya lead imafa msanga ngati kaŵirikaŵiri itsika kupitirira theka. Ya 12 volts ikadzala ndi kupumula imaonetsa pafupifupi 12.7, ndipo ikafika pa theka imaonetsa pafupifupi 12.2. Batire ya lithium siisintha kwambiri mavolts ake kufikira itatsala pang'ono kutha, choncho imafuna chipangizo chotchedwa shunt, choŵerenga mphamvu yoloŵa ndi yotuluka.

Chachiŵiri, kudikira. Pampu ya madzi kapena firiji ikamayamba imakoka mphamvu yambiri kwa kanthaŵi kochepa, ndipo mavolts amagwa. Makina auzidwe kudikira mphindi zingapo asanalize injini, apo ayi jenereta idzalira ndi kuzima tsiku lonse popanda chifukwa.

Chachitatu, muyeso wozimitsira. Batire ya lead ikayandikira kudzala imalandira mphamvu pang'onopang'ono, motero injini imangotha mafuta. Nkwanzeru kuizimitsa pa 80 kapena 90 peresenti, dzuŵa limalizitse. Komabe batire yotereyi iyenera kudzazidwa kotheratu nthaŵi ndi nthaŵi, chifukwa ikakhalitsa yosadzala imaonongeka m'kati.

Chachinai, zoyenera kuchitika injini ikakana. Makina ayese katatu basi, kenaka aleke ndi kuliza belu kapena kuyatsa nyali yochenjeza. Akapitiriza kuyesa adzatha batire ya sitata, mwinanso kupsereza sitatayo. Ndi bwinonso kuti injini idzilize kamodzi pamwezi ngakhale dzuŵa likuŵala, kuti tidziŵe ngati ili bwino tsiku la mavuto lisanafike.

Makolo anga, mvetsetsani apa, pakuti ndi nkhani ya moyo. Utsi wa jenereta uli ndi mpweya wa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo. Jenereta yodziliza yokha imayamba popanda wina woyang'ana ngati zitseko zili zotsegula. Isaikidwe m'nyumba, m'khitchini kapena pakhonde ai. Ikhale panja, mamita osachepera 6 kuchokera pa zitseko ndi mazenera, m'kanyumba kake kopita mphepo ndi kokhoma, kuti ana asaseŵerepo. Aliyense wofuna kuthira oilo kapena kugwira lamba wa injini ayambe wazimitsa swichi ya kudziliza ndi kumasula batire ya sitata, chifukwa injiniyo siidziŵa kuti pali dzanja la munthu.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene afuna kugona mwamtendere jenereta ikudziliza yokha, avomerenso ntchito yoisamala. Makina angathe kutembenuza injini, koma sangathire dizilo m'thanki, sangasinthe oilo, ndipo sangaletse khoswe kudya nthambo. Tikumbukire fanizo la anamwali khumi pa Mateyu 25. Onse anali nazo nyali, koma asanu okha ndiwo anatenga mafuta apadera, ndipo mkwati anafika pakati pa usiku.

Choncho mpingo kapena komiti imene yagula zipangizozi ndi chopereka cha Akhristu isankhe munthu mmodzi wodziŵika ndi dzina, wokhala ndi kabuku kolembamo maola amene injini yagwira, mafuta otsala ndi tsiku losintha oilo. Chinthu cha anthu onse chikasoŵa wochiyang'anira chimafa onse akuchiona. Inu anyamata ndi atsikana amene mwaphunzira za magetsi kusukulu, musadikire kupemphedwa. Pitani kwa akulu a mpingo mukadzipereke kusunga kabukuko ndi kuyesa injini mwezi uliwonse. Umenewonso ndi utumiki wa Ambuye.

Mulungu adalitse mabanja anu kufikira tidzachezenso mwezi wa maŵa.